Mphoto za opeka nyimbo: kumene zinachokera, mmene zimaweruzidwira ndi amene zimawasiya kunja

Malinga ndi malamulo a mayiko ambiri, nyimbo imene ikumveka pa wayilesi imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri, ngakhale kuti womvera amamva chinthu chimodzi chokha. Umwini woyamba ndi wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndiye kuti nyimbo yeniyeniyo imene munthu wina aliyense angathe kuiphunzira n'kuiimba m'njira yake. Umwini wachiwiri ndi wa amene analipira kuti nyimboyo ijambulidwe mu situdiyo, ndipo chake iyeyo ndi chojambulidwacho, chokhala ndi liwu la woimba wakutiwakuti ndi zida zimene zinalizidwa pa tsiku lojambulalo. Mphoto zambiri zimene anthu amaonera pa kanema chaka ndi chaka zimatsata chojambulidwachi, popeza ndicho chili ndi nkhope ndi dzina lodziwika, koma pali zina zochepa, zosatchuka kwenikweni, zimene zinakhazikitsidwa kuti zilemekeze wopekayo. Imodzi mwa zakale ndi zolemekezeka kwambiri ndi ya Ivor Novello ya ku Britain, ndipo mbiri yake, ikaikidwa pamodzi ndi ya zinzake za ku America, imasonyeza kuti mphoto zoterezi zinatuluka m'kulimbana kwa nthawi yaitali kwa opeka nyimbo kofuna kuti maina awo azilembedwa ndiponso kuti azilipidwa, kotero kuti mphamvu zake ndi zofooka zake n'zofanana ndi za kaundula amene mainawo amalembedwamo.

Kulimbanako kunayamba kale wayilesi isanabwere. M'chaka cha 1847 wolemba nyimbo wina wa ku France, Ernest Bourget, anatengera kukhoti mwini malo ena omwera ndi kusangalalira mumzinda wa Paris, podandaula kuti oimba a pamalopo ankasangalatsa alendo ndi nyimbo zake iye osalandirapo kanthu, ndipo khoti linamupezera chilungamo. Chigamulocho chinali chabwino papepala koma chovuta kuchigwiritsa ntchito, chifukwa munthu mmodzi sangayende malo onse omwera, mabwalo onse a zisudzo ndi maholo onse ovinira kukamvetsera ngati nyimbo yake ikuimbidwa. Pa chifukwa chimenechi opeka ndi osindikiza nyimbo anakhazikitsa bungwe la SACEM mu 1851, ntchito yake ikhale yopereka ziphaso kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, kutolera ndalama ndi kuzigawa kwa eni ake molingana ndi mmene nyimbo iliyonse yaimbidwira. Ndalama zimenezi ndi zimene oimba ambiri amangozitchula kuti ma royalty. Njirayi inafalikira: mu 1914 ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la PRS ndipo ku America la ASCAP, mu 1939 eni mawayilesi a ku America anayambitsa la BMI pofuna kupikisana ndi ASCAP, ndipo ku South Africa la SAMRO linayamba mu 1961. Chimene mabungwe onsewa anabweretsa, kupatula ndalama, ndi kaundula wosonyeza amene anapeka nyimbo iliyonse ndi gawo lake m'nyimboyo, ndipo popanda kaundula wotere mphoto ya wopeka nyimbo ikanakhala yosatheka kuipereka popanda mkangano.

Mphoto ya Ivor Novello inachokera m'dandaulo lina la pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Opeka nyimbo a ku Britain ankaona kuti wayilesi ya BBC, imene panthawiyo inalibe wopikisana nayo m'dzikolo, inkaulutsa kwambiri nyimbo za ku America, ndipo popeza wopeka amalandira malinga ndi kuimbidwa kwa nyimbo yake, ndalama zambiri zinkawoloka nyanja. Iwo anakhazikitsa gulu lawo, Songwriters' Guild of Great Britain, kuti liziwayankhulira, ndipo gulu lomweli ndilo linayambitsa mphotozi, zimene zinaperekedwa koyamba mu 1956 ku London. Dzina lake linatengedwa kwa Ivor Novello, amene anabadwira ku Cardiff m'dziko la Wales mu 1893 ndi dzina lakuti David Ivor Davies, anatchuka ndi nyimbo yolimbikitsa asilikali ndi mabanja awo yotchedwa "Keep the Home Fires Burning" m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako analemba zisudzo zoimba zimene zinkadzaza mabwalo a ku London kufikira imfa yake mu 1951. Wopambana amalandira chosema cha mkuwa chofanizira Euterpe, mmodzi mwa milungu yaikazi imene Agiriki akale ankakhulupirira kuti imapatsa anthu luso la nyimbo. Gululo linasintha dzina kangapo litaphatikizana ndi magulu ena, kwa zaka zambiri linkadziwika kuti BASCA, ndipo kuyambira mu 2019 likutchedwa The Ivors Academy. Mwambo wake umachitika mwezi wa Meyi, kawirikawiri pa hotela ya Grosvenor House ku London, ndipo cholinga choyambirira chija choteteza opeka a m'dzikolo chikuonekabe m'lamulo lakuti nyimbo ingapikisane pokhapokha gawo lokwanira la kupeka kwake litachokera kwa anthu a ku Britain kapena ku Ireland.

Funso lalikulu pa mphoto iliyonse yotere ndi lakuti nyimbo yabwino idziwike motani, ndipo mayankho amene alipo ndi awiri okha. Loyamba ndi lowerenga: ipambane nyimbo imene yaimbidwa kwambiri pa wayilesi, pa kanema, m'malo osangalalira ndi pa intaneti m'chakacho. Umu ndi mmene mabungwe a ASCAP ndi BMI amaperekera mphoto zawo zambiri za chaka ndi chaka, pogwiritsa ntchito ziwerengero zomwezo zimene amagawira ndalama, ndipo BMI imaperekanso satifiketi kwa wopeka amene nyimbo yake yaulutsidwa kokwana miliyoni imodzi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti palibe woweruza amene angakondere mnzake, ndipo imafikira anthu amene dziko silingawazindikire ngakhale atadutsa pamsika. Chitsanzo chomveka ndi cha Cathy Dennis ndi Rob Davis, amene anapeka nyimbo imene dziko lonse limaidziwa ngati ya Kylie Minogue, yotchedwa "Can't Get You Out of My Head", ndipo mu 2002 analandira nayo mphoto zitatu za Ivor Novello, kuphatikizapo ya nyimbo yoimbidwa kwambiri. Kuipa kwake n'kwakuti chiwerengero chimayeza mphamvu ya kampani yotsatsa malonda pamodzi ndi luso la wopeka, osatha kulekanitsa ziwirizi, ndipo chimapereka ulemu kwa munthu amene msika wamulipira kale. Mphoto yowerenga imatsimikiza zimene zachitika, siitulukira chilichonse chatsopano.

Yankho lachiwiri ndi lakuti opeka nyimbo aziweruzana okhaokha, ndipo apa ndi pamene pagona ulemu wa mphoto za Ivor Novello. Magawo ake ambiri amaweruzidwa ndi timagulu ta anthu amene nawonso amapeka nyimbo, osati ogulitsa zimbale, atolankhani kapena anthu wamba ovota pa foni, poganiza kuti mmisiri ndiye amaona zimene mmisiri mnzake wachita: mmene mawu akhalira pa maimbidwe popanda kupotoza katchulidwe kake, mmene kolasi yalowera, chimene chasiyidwa dala kuti nyimbo ipume. Pali gawo la nyimbo yopambana pa maimbidwe ndi mawu pamodzi, la nyimbo yopambana mwa zamakono, la chimbale, la wopeka wopambana m'chakacho, ndiponso magawo a nyimbo za m'mafilimu, za pa kanema ndi za m'masewera a pakompyuta, kumene wopeka amagwira ntchito yaikulu dzina lake n'kungodutsa mofulumira kumapeto anthu atayamba kale kudzuka. Kuweruzana kumeneku nthawi zina kwaona patali kuposa msika. Amy Winehouse analandira mphoto yake yoyamba ya Ivor Novello mu 2004 ndi nyimbo ya m'chimbale chake choyamba, zaka zingapo asanatchuke padziko lonse, ndipo analandiranso mu 2007 ndi mu 2008. Mu 2018 mnyamata wa zaka 19 wa ku London woimba chamba cha rap, Dave, anapambana pamodzi ndi Fraser T Smith ndi nyimbo yaitali yotchedwa "Question Time", imene inkafunsa atsogoleri a boma za zipatala, za nkhondo ndi za moto umene unapha anthu m'nyumba yosanja ya Grenfell, nyimbo imene kutalika kwake ndi nkhani yake sizikanailola kupambana pa kuwerenga kwa mawayilesi.

Komabe oweruza nawo ndi anthu, ndipo kagulu kochepa kamaweruza malinga ndi makutu a amene akhalamo. Opeka ozolowera gitala kapena piyano amafulumira kuona luso m'nyimbo yofanana ndi yawo, ndipo kwa nthawi yaitali nyimbo zomangidwa pa ng'oma ndi pa makina zinkaonedwa ngati ntchito ya wojambula osati ya wopeka. Kukhalapo kwa gawo lapadera la nyimbo zamakono pambali pa la nyimbo yopambana pa maimbidwe ndi mawu kungamveke m'njira ziwiri, ngati khomo limene linatsegulidwira zamba zatsopano kapena ngati chipinda chapambali chimene zamba zimenezo zinaikidwamo kuti zisasokoneze za pabalaza. Palinso kukoka kwa kutchuka, kumene mwambo uliwonse wofuna othandiza ndi ndalama ndi atolankhani sungakuthawe. Ulemu wapamwamba kwambiri wa bungweli, wolowetsa munthu m'gulu la akatswiri ake kwa moyo wonse, unayamba kuperekedwa mu 2000 kwa Paul McCartney, ndipo pakati pa amene anatsatira pali Elton John, Sting mu 2023 ndi Bruce Springsteen mu 2024, yemwe anali wopeka nyimbo zotchuka woyamba wochokera kunja. Onsewa ndi opeka enieni, palibe angatsutse, koma onsewa ndi oimbanso otchuka, kotero kuti mphoto imene inakhazikitsidwira munthu wa kuseri imapezeka ikuwalira amene ali kale pabwalo. Mkazi woyamba kulandira ulemuwu, Annie Lennox, anaulandira mu 2015, patatha zaka 15 chiyambireni. Opeka nyimbo za magulu aakulu a zida, za makwaya ndi za jazi analinso osaoneka bwino pamwambo wa nyimbo zotchuka, ndipo mu 2003 bungweli linawakhazikitsira mwambo wawo wapadera.

Ku America nkhaniyi inayenda mwa njira ina. Mphoto za Grammy, zimene zinayamba mu 1959, zimasiyanitsa nyimbo ya chaka, imene imapita kwa opeka, ndi chojambulidwa cha chaka, chimene chimapita kwa woimba ndi akatswiri a mu situdiyo. Mu 1985 nyimbo ya "What's Love Got to Do with It" inapambana zonse ziwiri, Tina Turner n'kutenga ya chojambulidwa pamene Graham Lyle ndi Terry Britten anatenga ya nyimbo, koma oonera ambiri mpaka lero sadziwa kusiyana kwa magawo awiriwa. Gawo la wopeka wopambana m'chakacho, loganizira makamaka amene amapekera anzawo, linangoyamba mu 2023, patatha zaka zoposa 60, ndipo woyamba kulilandira anali Tobias Jesso Jr. Palinso Songwriters Hall of Fame, imene Johnny Mercer ndi anzake anaikhazikitsa mu 1969, ndipo iyo imalandira munthu pokhapokha patatha zaka 20 chitulutsireni nyimbo yake yoyamba, lamulo limene limavomereza mosabisa kuti chaka chimodzi n'chochepa kuti nyimbo iyesedwe.

Vuto lozama kuposa la oweruza ndi lakuti mphoto imatsata dzina lolembedwa m'kaundula, pamene dzina lolembedwalo limachokera m'mapangano a malonda, amene nthawi zina sagwirizana ndi zimene zinachitika m'chipinda chopekera. Kuyambira kale oimba amphamvu ndi owayang'anira akhala akufuna gawo la umwini wa nyimbo zimene sanapeke, ngati mtengo wakuti aziimbe. Dolly Parton wakhala akufotokoza poyera kuti anakana kuti Elvis Presley ajambule nyimbo yake ya "I Will Always Love You" chifukwa womuyang'anira, Colonel Tom Parker, ankafuna theka la umwini wake, ndipo kukanako kunamupindulira pamene Whitney Houston anaijambula mu 1992. Opeka ambiri alibe mphamvu yokana chotero, ndipo mu 2021 gulu la opeka otchuka a ku America lotchedwa The Pact linalemba kalata yapoyera yolonjeza kuti silidzaperekanso gawo kwa woimba amene sanasinthe mawu kapena maimbidwe. Kapekedwe kamakono kawonjezera chisokonezo china, chifukwa nyimbo imodzi yotchuka imatha kukhala ndi maina asanu, khumi kapena kuposa: wina anakonza kugunda kwa ng'oma pa kompyuta ali kudziko lina, wina anapeka maimbidwe a kolasi, wina anakonza mawu, ndipo ena anamwalira kale koma alembedwa chifukwa kachidutswa ka nyimbo yawo yakale kadulidwa n'kuikidwa m'yatsopanoyo. Oweruza akapereka mphoto ku nyimbo yotere sangathe kudziwa amene anabweretsa chimene chawakopa.

Nkhani ya nyimbo ya "Bitter Sweet Symphony" ya gulu la The Verve imasonyeza kutalika kwa mtunda umene ungakhalepo pakati pa kaundula ndi choonadi. Nyimboyi, imene inatuluka mu 1997, inamangidwa pa kachidutswa ka zida za zingwe kochokera m'chojambulidwa cha 1965 cha Andrew Oldham Orchestra, chimene chinali kukonzanso kwa nyimbo ya Rolling Stones yotchedwa "The Last Time". Kampani ya Allen Klein, imene inali ndi umwini wa nyimbo ya Rolling Stonesyo, inapanikiza gulu la The Verve kufikira ndalama zonse za umwini zinachoka kwa woimba wake Richard Ashcroft, amene analemba mawu onse, ndipo maina a Mick Jagger ndi Keith Richards a gulu la Rolling Stones analembedwa ngati opeka. Chodabwitsa n'chakuti maimbidwe a zingwe amene anthu amaizindikirira nyimboyo sanapekedwe ndi Jagger kapena Richards, koma anakonzedwa ndi David Whitaker, amene analembedwa ntchito yokonzera gulu la zida lija ndipo sanapatsidwe gawo lililonse. Zinthu zinakhala chotero kwa zaka zoposa 20, mpaka mu 2019, pamene Ashcroft, polandira mphoto ya Ivor Novello yothokoza ntchito yake yonse, analengeza kuti Jagger ndi Richards amubwezera gawo lawo. Nkhaniyi imakonda kufotokozedwa ngati yotha bwino, koma woiyang'anitsitsa amaona kuti chimene chinakonza zinthu ndi kukoma mtima kwa anthu awiri olemera, osati lamulo kapena mphoto, ndipo dzina la Whitaker, amene anamwalira mu 2012, linatsalabe kunja.

Pa nkhani ya ndalama, chosema cha mkuwa sichibwera ndi malipiro, ndipo phindu lake kwa wopeka ndi la m'mbali: dzina limene likhoza kutsegula zitseko za masitudiyo, ndi mphamvu yokambirana bwino ndi osindikiza. Izi zakhala zofunika kwambiri chiyambire pamene anthu anasiya kugula zimbale n'kuyamba kumvetsera nyimbo pa intaneti kudzera m'makampani monga Spotify ndi Apple Music. Komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain imene inafufuza nkhaniyi inatulutsa lipoti mu Julayi 2021 lopempha kuti kagawidwe konse kakonzedwenso, ndipo ziwerengero zimene zinkatchulidwa pa kafukufukuyo zinali zakuti pa ndalama zimene omvera amalipira, pafupifupi 30 peresenti imatsala ku kampani ya pa intaneti, pafupifupi 55 peresenti imapita ku mbali ya chojambulidwa, ndipo pafupifupi 15 peresenti yokha ndiyo imapita ku mbali ya nyimbo, kumene imagawidwanso pakati pa osindikiza ndi opeka onse. Woimba akhoza kubweza zimene wataya pochita zoimbaimba, pogulitsa zovala za dzina lake kapena potsatsa malonda a makampani, koma wopeka amene saimba alibe njira zimenezi, ndipo kawirikawiri amapita ku situdiyo pa ndalama zake, osalipidwa tsikulo, akuyembekeza kuti mwina nyimboyo idzatuluka. The Ivors Academy inali pakati pa mabungwe amene anakankha kuti kafukufuku uja achitike, ndipo mwambo wake wa chaka ndi chaka wasanduka bwalo lonenerapo madandaulowa pamaso pa akuluakulu a makampani amene akhala pa matebulo omwewo. Raye, amene anapekera oimba ena kwa zaka zambiri asanatchuke payekha ndipo analandira mphoto ya wopeka wopambana mu 2024, wakhala akupempha poyera kuti opeka azipatsidwako gawo la ndalama za chojambulidwa. Pali kusagwirizana kwina kumene sikungabisike, kwakuti makampani ena a pa intaneti omwewo ndi amene akhala akuthandiza mwambowo ndi ndalama, poyamba Apple Music kenako Amazon Music.

Posachedwapa kwabweranso funso la nyimbo zopangidwa ndi makina a nzeru zopangidwa, ndipo mu 2023 oyendetsa Grammy analengeza kuti mphoto zawo ndi za anthu okha, ngakhale kuti nyimbo yokhala ndi gawo la makina ingapikisane ngati gawo la munthu lili lalikulu mokwanira. Lamuloli n'losavuta kulilemba kusiyana ndi kulitsimikiza, popeza oweruza amangodalira zimene wolembetsa wanena.

Zonsezi zikukhudza anthu amene ali kale m'kaundula, ngakhale atakhala ndi gawo lochepa. Amene dzina lake silinalembedwe n'komwe mphoto singamupeze, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa kuli chitsanzo chimene chimatchulidwa kulikonse kumene nkhani za umwini wa nyimbo zimaphunzitsidwa. Solomon Linda anajambula nyimbo yake ya "Mbube" ndi gulu la Evening Birds ku Johannesburg mu 1939, kampani ya Gallo inamulipira ndalama yochepa kamodzi kokha, ndipo nyimboyo itafika ku America inaimbidwa ndi Pete Seeger ndi gulu la The Weavers ngati nyimbo ya makolo yopanda mwini. Mu 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ndi mawu achingelezi ndi dzina lakuti "The Lion Sleeps Tonight", maina a anthu ena n'kulembedwa ngati opeka, ndipo pambuyo pake inalowa m'filimu ya The Lion King. Linda anamwalira wosauka mu 1962. Mtolankhani Rian Malan atalemba nkhani ya Linda m'magazini ya Rolling Stone mu 2000, mlandu unatsegulidwa ku South Africa, ndipo mu 2006 panachitika mgwirizano wakuti banja la Linda lilandire ndalama ndiponso kuti iye azindikiridwe ngati mmodzi mwa opeka. Kwa zaka zoposa 60 kuwerenga kulikonse kwa kuimbidwa kwa nyimboyo kunkalemeretsa ndi kulemekeza anthu ena, ndipo kunkatero mosaphwanya lamulo lililonse la mphoto, chifukwa kaundulayo ndiye ananena choncho.

Ku Malawi maziko a kaundula wotere alipo. Lamulo la umwini wa ntchito za luso la 1989 linabala bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulolo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016. Ku Zambia ntchito yofanana nayo imagwiridwa ndi ZAMCOPS. Koma mphoto za zoimbaimba zimene zakhala zikuchitika ku Malawi, kuyambira pa Entertainers of the Year ya MBC kufikira zina za makono, zimayang'ana kwambiri woimba, nyimbo yotchuka ndi kanema wa nyimbo, ndipo zambiri zimadalira mavoti a omvera, njira imene mwa chibadwa chake imatsata liwu ndi nkhope. Chifukwa china n'chakuti oimba ambiri otchuka a kuno, monga Allan Namoko, Lucius Banda, Wambali Mkandawire ndi Evison Matafale, ankadzipekera okha nyimbo zawo zambiri, kotero kuti kusiyana kwa wopeka ndi woimba sikunkaoneka ngati nkhani. Kumaoneka pamene nyimbo yapitirira mwini wake. Nyimbo ya fuko, imene mwana aliyense wa sukulu amaiimba, inapekedwa ndi Michael Sauka ndipo inasankhidwa mu 1964 pa mpikisano, umene tingati unali mphoto ya wopeka nyimbo m'njira yake, komabe oiimba ambiri sangatchule dzina lake. Nyimbo ya Giddes Chalamanda ya "Linny Hoo", ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok kufikira mayiko akutali, kumene anthu mamiliyoni anaivina osadziwa kuti inapekedwa ndi gogo wa ku Chiradzulu. Kufalikira kotereku kumasanduka ndalama pokhapokha nyimbo italembetsedwa bwino, ndipo bungwe la kwawo kwa wopekayo litakhala ndi mapangano ndi mabungwe a kunja komanso ndi makampani a pa intanetiwo.

Mphoto ya opeka nyimbo itati ikhazikitsidwe m'dziko ngati Malawi ingakumane ndi mayankho awiri aja m'maonekedwe ena. Njira yowerenga imafuna kuti wayilesi iliyonse, kuphatikizapo za m'madera, izilemba mokhulupirika nyimbo iliyonse imene yaulutsa, kapena kuti pakhale makina omvetsera mawayilesi usana ndi usiku, ndipo ngakhale zitatero siingawerenge nyimbo zimene zimayenda pa WhatsApp, pa mamemori khadi a m'minibasi ndi m'mabenchi okopera nyimbo a pamsika, kumene kumvetsera kwambiri kumachitikira. Njira yoweruzana okhaokha ndi yotsika mtengo, koma m'gulu laling'ono limene aliyense amadziwana ndi mnzake, kapena anajambulira mu situdiyo ya mnzakeyo, imafuna malamulo olimba oletsa woweruza kukhala pa gawo limene ali nalo phindu. Chovuta kwambiri ndi chakuti kupeka kochuluka kwa kuno kumachitikira kunja kwa situdiyo. Mphunzitsi wa kwaya ya mpingo amapeka nyimbo, kwaya ina n'kuimva pa msonkhano wa makwaya kapena pa maliro n'kupita nayo kwawo, ndipo pakatha zaka zochepa imakhala ikuimbidwa m'zigawo zonse zitatu, mawu atasintha pang'ono, kufikira gulu lina la m'tauni litaijambula n'kuilembetsa m'dzina lake kapena kuitcha nyimbo ya makolo. N'chimodzimodzinso ndi nyimbo za beni, za malipenga, za chimtali ndi za pamtondo, zimene iliyonse inayamba ndi munthu wina wake amene anthu a m'mudzi mwake ankamudziwa. Lamulo la 1989 linaika umwini wa luso la makolo m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a dzikolo, n'cholinga choteteza luso limeneli kwa ofuna kulidyera masuku pamutu, koma zotsatira zake zina n'zakuti nyimbo imene dzina la wopeka wake latayika imawerengedwa m'gulu la za makolo, ndipo ikafika m'gulu limenelo sipakhalanso munthu amene angaitanidwe kudzalandira ndalama kapena mphoto, ngakhale wopekayo akanali moyo ndipo akuphunzitsabe kwaya yake.